Mawu Osasa a ku Sheffield

Pali mitundu iwiri ya zimbale za nyimbo. Mtundu woyamba ndi wa zimbale zojambulidwa m'chipinda chotsekedwa bwino chimene amachitcha situdiyo, m'mene woimba akalakwitsa amabwereza, akatopa amapuma, ndipo mawu akasasa amadikira mawa. Mtundu wachiwiri ndi wa zimbale zojambulidwa pabwalo, woimba ali chilili pansanja, namtindi wa anthu uli patsogolo pake. M'zimbale zoterezi mulibe kubwereza. Chimene chatuluka pakamwa chatuluka basi, ndipo makina amatola zonse: nyimbo, kupuma kwa wefuwefu, likhweru la munthu amene ali kumbuyo kwenikweni kwa khamu, ngakhalenso kuphonya kwa woimba ng'oma. Munthu wofuna kudziwa mmene woimba adaliri, ndi mtengo umene adalipira pa ntchito yake, ayenera kutchera khutu ku zimbale za mtundu wachiwiriwu. Moyo wa Joe Cocker udasungidwa m'zimbale zotere kwa zaka 44, kuyambira 1969 kufikira 2013.

Dzina lake lenileni lidali John Robert Cocker. Adabadwa pa 20 Meyi 1944 ku Sheffield, mzinda wa utsi ndi mafakitale osula zitsulo kumpoto kwa England. Atasiya sukulu adayamba kuphunzira ntchito yolumikiza mapaipi a gasi, koma madzulo ankavala zina n'kupita kukaimba m'nyumba zomwera mowa, akudzitcha Vance Arnold. Woimba amene adamugwira mtima adali Ray Charles, munthu wakuda wosaona wa ku America. Nyimbo za blues zidaphuka pakati pa zidzukulu za akapolo kumwera kwa dzikolo, m'minda ya thonje ndi m'makomboni a anthu osauka, ndipo mwa chibadwa chake ndi nyimbo zodandaula. Achinyamata a ku Britain adazitenga, nazithira magitala amagetsi ndi ng'oma zamphamvu, ndipo chimene chidatuluka adachitcha blues rock. Ambiri mwa iwo adatengera kakhwachidwe ka gitala. Cocker sankaimba gitala. Iye adatengera kulira kwenikweniko, ndipo chida chake chidali kummero kwake.

Chiyambi sichidali chophweka. Nyimbo yake yoyamba kujambulidwa idatuluka mu 1964 koma sidagulidwe, ndipo kampani ya Decca idamusiya. Mwayi udadza mu 1968 pamene adatenga nyimbo ya gulu la Beatles yotchedwa “With a Little Help from My Friends”. Eni ake adaiimba mopepuka, mwansangala, ngati nyimbo yoyendera panjira. Cocker adaichepetsa liwiro, adasintha kagundidwe kake, ndipo adaika azimayi ofunsa iye n'kumayankha, monga zimachitikira m'matchalitchi a anthu akuda ku America. Nyimbo imene idali yocheza idasanduka pempho la munthu amene madzi afika m'khosi. Mu Novembala chaka chomwecho idakhala nyimbo yogulidwa koposa zonse ku Britain.

Pano mpofunika kuyankha chitonzo chimene ena ankamunenera, chakuti adali woimba nyimbo za eni. N'zoona kuti nyimbo zake zambiri zotchuka adapeka ndi anthu ena. Koma pamaliro kapena pagule palibe amene amafunsa kuti nyimbo adapeka ndani. Anthu amayang'ana woyambitsa, ngati mawu ake ali ndi mphamvu yodzutsa ovomera. Kupeka ndi luso, ndipo kupatsa nyimbo moyo ndi luso linanso. Ngakhale Paul McCartney, mmodzi wa amene adapeka nyimbo ija, adavomereza poyera kuti Cocker adaisandutsa chinthu china chachikulu.

Umboni woyamba uli m'kanema wa chikondwerero cha Woodstock. Lamulungu pa 17 Ogasiti 1969, pamunda wa mlimi wa ng'ombe zamkaka ku Bethel m'chigawo cha New York, mnyamata wa zaka 25 adaimirira pamaso pa anthu pafupifupi 400,000, ambiri mwa iwo osamudziwa n'komwe. Azimayi ovomera aja padalibe, motero amuna a m'gulu lake la Grease Band adachita kuonda mawu kuti alowe m'malo mwawo, ndipo kunena zoona mawu awo ngoseketsa. Komatu palibe amene amakumbukira kuseka. Chimene chimakhala m'maso ndi munthu wa tsitsi lanyankhalala, thukuta lili kamukamu, miyendo itapindika, zala zikukhwacha gitala amene kulibe, thupi lonse likugwedezeka ngati wagwidwa ndi mizimu. Pakati pa nyimbo pali malo pamene mawu amamuthera ndipo m'malo mwake amangokuwa, mfuu yaitali yong'amba kummero. Atangotsika pansanja kudagwa chimvula cha mphepo chimene chidaimitsa zoimbaimba kwa maola angapo. Ambiri ankayesa kuti kugwedezeka kuja ndi matenda kapena kuledzera. Mwini wake adafotokoza kuti manja ake ankangotsata zida zimene iye sankatha kuimba.

Akuluakulu adati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Mu Marichi 1970 Cocker adafika ku Los Angeles atatopa, atasiyana ndi gulu lake, akufuna kupuma. Adapeza kuti amene ankayendetsa ntchito yake adali atalonjeza kale ulendo wa zoimbaimba m'dziko lonse la America, woyamba pasanathe masabata awiri, ndipo kukana kukadamutsekera khomo loimbanso m'dzikolo. Leon Russell, katswiri wa piyano, adasonkhanitsa anthu mwamsangamsanga: oimba oposa 20, oimba ng'oma atatu, oliza malipenga ndi kwaya yathunthu. Gululo lidatchedwa Mad Dogs and Englishmen, ndipo lidayenda mizinda 48 m'miyezi iwiri yokha. Chimbale cha ulendowu chidajambulidwa pa 27 ndi 28 Marichi m'holo ya Fillmore East ku New York, ndipo chidafika pa nambala yachiwiri pa zimbale zogulidwa kwambiri ku America.

Chimbale chimenechi ndi chokoma kwambiri mwa zonse zimene Cocker adasiya, komanso ndi chimene chidamuvulaza koposa. Womvera amamva chimwemwe chokhachokha: malipenga akulira, kwaya ikusefukira, ng'oma zitatu zikugunda ngati mtondo wa anthu atatu. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amene ankalamula pansanja adali Russell, ndipo mwini dzina adasanduka ngati mlendo paphwando lake lomwe. Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zidali ponseponse. Ndalama zidapita ku ndege, ku mahotela ndi kudyetsa chikhamu chonsecho, kotero kuti ulendo utatha Cocker adatsala ndi zochepa zedi. Adabwerera kwa makolo ake ku Sheffield ali wofooka thupi ndi maganizo omwe, ndipo padapita pafupifupi zaka ziwiri asadayambenso kuyenda. Amene amaombera m'manja chimbalechi ayenera kudziwa kuti akumva munthu akutha.

Zaka zotsatira n'zosasangalatsa kuzifotokoza. Mu 1972 adamangidwa ku Adelaide chifukwa chopezeka ndi chamba, ndipo boma la Australia lidamulamula kuti atuluke m'dzikomo. Ankakwera pansanja ataledzera, nthawi zina kuiwala mawu, nthawi zina kusanza anthu akuona. Chodabwitsa n'chakuti m'nyengo yomweyi, mu 1974, adajambula “You Are So Beautiful”, nyimbo yofatsa imene mawu ake amathyoka chakumapeto ngati a munthu amene akuletsa misozi. Woimba wina akadafufuta malo amenewo n'kubwereza. Pa nyimboyi adasiyidwa, ndipo ndi amene anthu amawadikira.

Anzake ambiri a m'badwo umenewo sadaone ukalamba. Jimi Hendrix ndi Janis Joplin, amene adaimbanso ku Woodstock, onse adamwalira mu 1970 ali ndi zaka 27. Cocker adapulumuka, ndipo adadzuka pang'onopang'ono monga amachitira wodwala amene anthu adamutaya kale. Mu 1982 nyimbo imene adaimba ndi Jennifer Warnes ya m'kanema wa An Officer and a Gentleman idafika pamwamba penipeni ku America ndipo idawapatsa mphotho ya Grammy. Mu 1987 adakwatira Pam Baker, ndipo pambuyo pake adakakhazikika kumudzi wa Crawford, kumapiri a Colorado. Chaka cha 1988 adaimba ku Dresden, m'dziko la East Germany limene lidali lotsekeredwa ndi ulamuliro wa chikomyunizimu, ndipo anthu a mumzindawo adayamba kutcha dambo limene adaimbirapo kuti Cockerwiese. Pa 11 Juni chaka chomwecho adali mmodzi wa oimba pabwalo la Wembley ku London, pamwambo wokumbukira kuti Nelson Mandela akukwanitsa zaka 70 ali m'ndende. Mwambowo udaulutsidwa m'mayiko oposa 60, koma boma la tsankho la South Africa silidalole kuti anthu ake auone.

Chimbale chotchedwa Joe Cocker Live, chojambulidwa ku Lowell mu 1989 ndi kutuluka mu 1990, chimaonetsa munthu wina. Phokoso losalamulirika la 1970 mulibe. Gulu ndi lochepa, lodziwa ntchito, ndipo aliyense akulowa panthawi yake. Okonda zakale amadandaula kuti moto udachepa, ndipo pang'ono akunena zoona, pakuti nyimbo zina za zaka zimenezo n'zosalala mopitirira. Koma moto umene iwo amaulakalakawo ndi womwe udatsala pang'ono kupsereza mwini nyumba. Cocker wa 1989 adali ataphunzira kusunga mpweya, kudziwa pofunika kukuwa ndi pofunika kunong'ona, kuti mawa adzathenso kuimba mumzinda wina. Mu 1994 adabwerera ku chikondwerero chokumbukira zaka 25 za Woodstock, ndipo mu 2002 adaimba nyimbo yake ija m'munda wa nyumba yachifumu ya Buckingham, Phil Collins ali pang'oma, Brian May ali pagitala. Mnyamata wa mapaipi uja adalandira ulemu wa OBE mu 2007.

Chimbale chomaliza cha pabwalo chidajambulidwa ku Cologne, m'dziko la Germany, pa 22 Epulo 2013, iye ali ndi zaka 68. Munthu akachimvera motsatizana ndi cha ku Woodstock amamva zaka zonsezo zili kummero kumodzi. Mawu adatsika, adakhuthala, ndipo pena amachita kukwawa pamene kale ankalumpha. Thupi lidanenepa, tsitsi lidayera ndi kuthothoka, miyendo sikupindikanso. Zala zokha n'zimene sizidasinthe. Zikadakhwachabe gitala wosaoneka uja. Nyimbo ikamayandikira malo a mfuu, womvera amagwira mtima, pakuti akudziwa kuti pabwalo palibe kubwereza, ndipo nkhalambayo iyenera kuitulutsa mfuuyo kamodzi kokha, anthu onse akumva. Imakoka mpweya, n'kuitulutsa.

Joe Cocker adamwalira ndi khansa ya m'mapapo kunyumba kwake ku Crawford pa 22 Disembala 2014, ali ndi zaka 70. Fodya adali atasiya mu 1991. Dzina lake lidalowetsedwa m'kaundula wa akatswiri wa Rock and Roll Hall of Fame mu 2025, patapita zaka pafupifupi 11 mwini wake atagona.