Mfundo ya pa Nsalu ya Ambuya

Pakati pa Acewa, anthu onse ocokera mwa mkazi mmodzi amati ndiwo a bele limodzi. Mau amenewa ali ndi nzeru yace, pakuti cimene cimamanga abale pamodzi ndiye mkazi amene anawayamwitsa. Masiku onse amene mkaziyo ali ndi moyo, ana ace angabalalike kufikira ku Lusaka ndi ku migodi, koma onse amadziwa khomo limene ayenera kufikira pobwera kwao. Tsiku limene iye agona m'manda ndi pamene zimaoneka ngati abalewo anali kukondanadi, kapena anali kungokumana pa khomo la mai wao.

Nkhani ino ndi ya mkazi wotere, wa m'mudzi wina wa m'dera la Katete, m'dziko la Kalonga Gawa Undi. Anthu anali kuwaitana ndi ciwongo cao, aNaphiri, monga mwa ulemu wa kumeneko. Caka cimene anabadwa sanacidziwe, popeza panalibe amene anacilemba. Powafunsa anali kuyankha kuti pa njala ya 1949 anali atayamba kale kutunga madzi ndi kamtsuko. M'njala imeneyo anaona amai ao akudyetsa ana madeya ndi mizu ya kuthengo, koma osakhudza mphika wa mbeu umene unali womata pansi pa denga. Cinthu cimeneci sanaciiwale moyo wao wonse, ndipo ana ao onse anakula akumva mau akuti, "Mbeu sadya."

Anakwatiwa dziko lisanalandire ufulu wace wa mu 1964. Mwamuna wao anali mkamwini pamudzipo, koma zaka zambiri anazithera ku mgodi wa Nchanga, nabwerako ndi cifuwa cimene cinamutenga. ANaphiri anabala ana asanu ndi awiri. Awiri anafa ali makanda, monga zinali kucitikira masiku amenewo. Koma cisoni cacikulu cinawagwera atakalamba kale, pamene matenda a Edzi analowa m'midzi, mankhwala otalikitsa moyo asanafike kwa anthu wamba. Pakati pa 1994 ndi 1999 anaika ana ao atatu, onse akulu-akulu ndi a mabanja ao. Pa msinkhu umene mkazi ayenera kukhala pa mphasa ndi kupatsidwa nsima, iwo anatenganso khasu ndi mthiko, nayambanso kulera.

Mwa ana amasiyewo munali mnyamata amene amai ace anamwalira mu 1997, iye ali ndi zaka 7, ndi mlongo wace wamkulu. Mnyamatayo sanadziwe dzina loyenera kuwaitana nalo. Usana, pamaso pa anthu, anali kunena kuti ambuya. Koma usiku, akadzidzimuka m'tulo, pakamwa pace panali kuturuka mau akuti amai, ndipo iwo anali kubvomera maina onse awiri. Monga acitira ambuya onse a Cicewa, anali kuseka naye pomuitana kuti "amuna anga," namupatsa ulemu wa "inu" ngati mwini nyumba. "Amuna anga, mwabwera osapha ngakhale mbewa imodzi? Nanga ndiwo tidya ciani?" Koma pakakhala mlandu weni-weni, kusekako kunali kutha, ndipo anali kumuitana kuti "iwe." Mnyamatayo anakula akudziwa kuti ambuya akati "iwe," mau otsatawo ndi osaseweretsa.

ANaphiri sanadziwe kuwerenga ngakhale dzina lao, koma anatsimikiza mtima kuti mdzukulu wao adzaphunzira. Boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale mu 2002, koma a sekondale anakhalapobe kufikira 2022. Motero pamene mnyamatayo anasankhidwa kupita ku sukulu ya misyoni, katundu yense anagwera pa munda wa nsawa. Anali kubzala nsawa za Chalimbana, zija za maso akulu zimene zimakhala miyezi isanu m'munda. Kubzala, kupalira, kukumba, kuanika, kusenda ndi zala kufikira zikhadabo zitang'ambika, zonsezi anazicita ndi manja ao. Tsiku lotsegulira sukulu anali kumasula mfundo ya pa ngodya ya nsalu yao, imene inali banki yao, nawerenga ndalama m'dzanja la mnyamatayo, namperekeza kufikira pa mseu waukulu. Sanali kucoka pamenepo kufikira galimoto itabisika.

Mnyamatayo anakhoza mayeso, ndipo mu 2014 analembedwa nchito ya ukalaliki m'ofesi ina ya Boma ku Lusaka. Caka cotsatira mlongo wace anamwalira pa uchembere, nasiya kamtsikana ka zaka 5, ndipo aNaphiri anakatenga, nayamba kulera mbadwo wacitatu. Kalalikiyo sanali mwana woipa ai. Mwezi uli wonse, atangolandira malipiro, anali kutumiza ndalama pa lamya, ndipo kamtsikana kaja, katakula, ndiko kanali kukazitenga ku sitolo. Anamangitsa nyumba ya malata m'malo mwa ya udzu. Anthu a pamudzi anali kunena kuti aNaphiri anabzala bwino. Koma ulendo wocokera ku Lusaka kufika ku Katete ndi wa makilomita pafupi-fupi 500, ndipo umatha tsiku ndi ndalama zambiri. Poyamba anali kupita kawiri pa caka, pambuyo pace kamodzi, ndipo citapita Khirisimasi ca 2021 sanapitenso. Mumtima mwace anali kunena kuti ndalama za basi zithandiza koposa zikasanduka sopo, mcere ndi feteleza. Ciwerengero cace cinali coona, ndipo palibe mphunzitsi wa masamu akanacitsutsa.

M'caka ca 2024 mvula inaleka pakati pa dzinja, cimanga cinauma cisanabereke, kotero kuti mu February Boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka la cilala. Kalalikiyo anaonjeza ndalama zotumiza, naona ngati wacita mbali yace. Mu June, madzulo ena, lamya yace inalira. Anali mtsikana uja, atabwereka lamya ya mphunzitsi, nati ambuya afuna kulankhula. Mau ao anali apansi, koma omveka bwino.

"Iwe, udzabwera liti? Maso anga afuna kukuona."

"Mwezi uno ukatha, ambuya. Nchito yacuruka, ndiponso ndalama zabvuta."

"Cabwino. Mwezi ukatha."

Mwezi unatha, ndipo panabuka za lendi ndi za ngongole, naganiza zodikira wotsatira. Anatumiza ndalama monga mwa masiku onse. Sanasamale kuti tsiku lija ambuya sananene kuti "amuna anga." Anazindikira zimenezi m'bandakuca wa tsiku lina la July, pamene atsibweni ace anamuimbira lamya ndi kunena kuti mtengo uja wagwa.

Mseu wa kum'mawa sunakhalepo wautali monga unakhalira tsiku limenelo. Basi inapitirira Chongwe, inakwera ndi kutsika mapiri, inaoloka mlatho wa Luangwa, inaima pa Nyimba ndi pa Petauke, ndipo pali ponse iye anali kuona kuti ulendo umene anauyesa wosatheka kwa zaka ziwiri ndi theka unatheka m'mawa umodzi wokha. Ndalama zimene zinasowa pamene ambuya anali ndi moyo zinapezeka msanga atamwalira; anzace a mu ofesi anasonkha, ndipo wamkulu wa nchito anampatsa masiku osazengereza. Anafika dzuwa litapendeka. Ali patali anamva kulira kwa akazi pa siwa, ndipo miyendo yace inalefuka pa malo omwe aja pamene ambuya anali kuima pomperekeza.

Usiku umenewo amuna anagona panja pa moto, akazi m'nyumba, ndipo amai a mumpingo anaimba nyimbo kufikira kunaca. Pamaliro a Cicewa abale sagwira nchito ya mtembo. Amene amasambitsa, kukumba ndi kunyamula ndi anthu a mabele ena, ndipo dzina lao ndi adzukulu. Kalalikiyo, amene anali mdzukulu weni-weni, anakhala pansi manja ali pa mutu, akuona adzukulu a mwambo akucitira ambuya ace zotsiriza. M'mawa mwace anawaika m'nkhalango ya manda, pafupi ndi ana ao.

Atabwerako ku manda, nchembere ina imene inasambitsa mtembo inamuitanira kuseri kwa nkhokwe. M'manja mwace munali nsalu yakale, yofwifwa, imene iye anaizindikira pomwepo. Pa ngodya pace panali mfundo.

"Mwana wanga," inatero nchembereyo, "ici ndi cako. Kuyambira mwezi wa masika ambuya ako anali kupatula pa ndalama zimene unali kutumiza. Tinawauza kuti agule ufa, pakuti njala yakula, koma anakana. Anati, 'Mwana uja sabwera cifukwa alibe ya basi. Ndimsungire, ikakwana ndidzamtumizira.'"

Anamasula mfundoyo ndi zala zonjenjemera. Ndalamazo zinali zopindidwa bwino-bwino, ndipo zinatsala pang'ono kukwanira ulendo wopita ndi kubwera. Pamenepo munthu amene sanagwetse msozi ku manda analira mokweza ngati mwana wa zaka 7, kotero kuti amuna a pa bwalo anaweramitsa mitu. Anaona kuti m'caka ca njala nkhalamba inadzimana nsima kuti igule cinthu cimodzi cimene iye sanatumize, ndico nkhope yace.

Pa tsiku la kumeta abale anasonkhana kuti akambe za pambuyo. Kalalikiyo, mtima uli wosweka, anaimirira nati adzamanga ciliza cacikulu ca mwala wonyezimira, cimene sicinaonekepo m'dera lonselo, ngakhale atenge ngongole ya zaka ziwiri. Anthu ena anaomba m'manja. Koma atsibweni ace, mwana wamwamuna wotsala yekha wa aNaphiri ndi mwini mbumba, anakhala cete nthawi, ndipo pambuyo pace analoza mtsikana uja, amene anakhala yekha pa khonde ndi mutu wometa.

"Ciliza ndi cabwino, ndipo tidzamanga," anatero. "Koma amai sanasiye manda okha. Uyo ali apoyo ndi mwana wa mlongo wako. Ine ndine tsibweni wako, ndipo iwe ndiwe tsibweni wace. Pali kale anthu amene ayamba kufunsa za ukwati wace, naye ali ndi zaka 14 zokha. Ine ndakalamba, ndipo m'nkhokwe mwanga mulibe kanthu. Tsono tiuze: mwala uja udzamphunzitsa kodi?"

Funso limeneli linali lowawa, pakuti ciliza cikanaoneka kwa anthu onse ndi kutonthoza manyazi ace msanga, koma kulera mwana ndi nchito ya zaka zambiri imene palibe amaiombera m'manja. Nyumba yace ku Lusaka inali ya zipinda ziwiri, ndipo mkazi wace anali ndi khanda. Sanayankhe tsiku lomwelo. Anagona m'nyumba ya ambuya, ndipo m'mawa, poyang'ana pansi pa denga, anaona mphika womata. Mtsikanayo anamuuza kuti ndi nsawa za mbeu, zocepa zimene zinapulumuka cilala, ndi kuti ngakhale masiku amene anagona ndi phala lokha ambuya sanalole kuti mphikawo utsegulidwe. Pamenepo anapita kwa atsibweni ace, nakhala pansi, nati mwanayo apita naye.

Nsawa zija anazigawa pakati pa nyumba zonse za bele la aNaphiri, nyumba iri yonse manja awiri. Ndalama za pa mfundo sanazisakanize ndi za maliro. Anazisunga kufikira December, mvula itagwa, ndipo anagula nazo tikiti ya basi, nabwera kudzabzala m'munda wa ambuya pamodzi ndi abale ace. Motero ndalamazo zinagwira nchito imene mwini wace anazisungira, ngakhale zinaigwira mocedwa. Mvula ya caka cimeneco inagwa bwino, ndipo mbeu sinatayike.

Mu July 2025 mbumba yonse inakumananso pa manda. Ciliza cimene anabvundukula cinali ca simenti wamba, cacifupi, colembedwa ciwongo cao ndi caka ca imfa yao cokha, popeza ca kubadwa palibe anacidziwa. Amene anawerenga malembawo mokweza, kuti nchembere zosadziwa kuwerenga zimve, anali mtsikana uja, atabvala yunifomu ya sukulu ya sekondale.

Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu caka cino adzabalalika kukafuna nchito, ndipo ambiri asiya kumudzi nkhalamba imene inasenda nsawa kuti iwo aphunzire. Adzacita bwino kutumiza ndalama, pakuti nkhalamba imadya ndi kubvala. Koma akumbukire kuti akulu anati, "Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo," ndiponso kuti masiku a nkhalamba sayembekeza kutha kwa mwezi. Kalaliki uja cisoni cace sicinathe, ndipo mwina sicidzatha. Nsalu yofwifwa ija aisunga m'bokosi la zikalata zace. Mwezi uli wonse, atalandira malipiro, amayamba wapatula ya basi, naimanga pa ngodya yomwe ija.