Kabuku ka bambo ka kubanki

Bambo atamwalira kuno ku Soche, mayi anasunga kabuku kawo ka kubanki m'sutikesi kwa zaka zitatu. Ankati, "Ndalama za kubanki siziola, zidikire fizi ya mng'ono wako."

Tsiku lomwe tinapitako, mu akaunti munalibe ngakhale tambala. Bambo aang'ono, omwe aja analira mogubuduka pamaliro, anali atatenga chikalata cha imfa n'kukalumbira kuti malemu sanasiye mkazi kapena mwana.

Ku ofesi ya Administrator General anatiuza kuti malinga ndi lamulo la 2011, kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Mayi anangoti, "Mwananga, ndiwamangitse alamu anga?"

Sitinasume. Pa Khirisimasi amabwerabe kudzadya nafe, ndipo wowathirira madzi osamba m'manja ndimakhala ine.