Ku Nyanga, Msewu Nawonso Ndi Kalasi

Mlendo akatuluka pa bwalo la ndege la Cape Town n'kulowa msewu wa N2, sachedwa kuona dera la Nyanga. Kwa ife nyanga ndi ya ng'ombe, koma m'Chixhosa mawuwa amatanthauza mwezi. Derali linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1940 kuti muzikhala anthu akuda. Nthaka yake ndi yamchenga, ndipo m'misewu mumakhala piringupiringu wa maminibasi ndi ogulitsa nyama yowotcha.

Mwana wa kuno amayenda pa mbiri ya dziko lake tsiku ndi tsiku. Pa 30 March 1960, Philip Kgosana anatsogolera anthu pafupifupi 30,000 a ku Langa ndi ku Nyanga kupita pakati pa mzinda kukatsutsa malamulo a ziphaso. Mu 1986 magulu otchedwa witdoeke anatentha zisakasa za ku KTC ndi za pafupi ndi Crossroads, moti anthu zikwizikwi anasowa pogona. Sukulu ya sekondale ya Oscar Mpetha ili ndi dzina la mtsogoleri wa anthu apantchito amene ankakhala konkuno.

Maphunziro a mbiri ndi jogalafe a ku South Africa amalimbikitsa ana a Giredi 9 kufunsa akuluakulu mmene tsankho linasinthira miyoyo yawo. Mwana amakonza mafunso, amamvetsera, amayerekeza zimene wamva ndi zolembedwa, kenako amafotokoza zimene wapeza. Agogo awiri akasiyana mawu pa nkhani imodzi, mwana amaphunzira kufunsa kuti umboni uli pati. Koma nthawi ikutha, pakuti amene anayenda pa ulendo wa 1960 ali achinyamata tsopano aposa zaka 80.

Dimba nalo limaphunzitsa. Bungwe la Abalimi Bezekhaya, lomwe linayamba mu 1982, lathandiza anthu a kuno kulima ndiwo zamasamba pamchenga pothira manyowa ndi kuphimbira nthaka. Mwana akathira madzi pamchenga wokha ndi pamchenga wamanyowa, amaona yekha pamene chinyezi chikhalitsa.

Inu alangizi ndi alimi, kwanu kuli agogo amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera pa Wenela. Kambiranani ndi aphunzitsi kuti ana akacheze nawo m'chigawo chino cha sukulu, atatenga kope ndi cholembera.