Madzi a Likhubula ali ndi abwana angati?

Ndimakhala ku Bangwe, ndipo kuyambira mu 2019 ena mwa madzi a m'mipopi ya mbali ya Limbe kuno amachokera ku Mulanje. Mwezi watha, nditapita kukazonda azakhali pa Chitakale, ndidati ndikadzionere komwe amachokerako. Wakabaza adandidutsitsa mumsewu wa ku Phalombe n'kukanditula pa Likhubula, m'munsi mwa chithanthwe cha Chambe.

Kumeneko mkokomo wa mtsinje ndiwo umayamba kukulonjera. Mnyamata wondiperekeza adanditsogolera kukwera mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe madzi ake ngozizira moti ukamwa mano amachita dzanzi. M'njira tidapatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa eni ake, ndipo zitsa zinali mbwee. Ndidamufunsa kuti madziwa mwini wake ndani.

"Zitengera mwaima pati, achimwene," adayankha akuseka.

Sadaname. Mvula ikagwa paphiri, yagwera m'manja mwa nthambi ya zankhalango, poti phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo a Mulanje Mountain Conservation Trust, omwe si aboma, amathandizapo. Madziwo akatsikira mumtsinje, nkhani yasanduka ya National Water Resources Authority, bungwe lomwe lamulo la 2013 lidakhazikitsa kuti lizipereka zilolezo zopatutsa madzi. Akalowa mupaipi, funso n'lakuti paipi iti. Yopita ku Nguludi, komwe amakawayeretsa, ndi ya Blantyre Water Board, yomangidwa ndi ngongole ya ku India ya madola 23.5 miliyoni kuti izitenga malita 20 miliyoni patsiku. Pa boma pa Mulanje amagulitsa madzi ndi a Southern Region Water Board. Mipopi ya m'midzi, ija makolo adakumba okha ngalande zake m'zaka za m'ma 1970, imayendetsedwa ndi makomiti a anthu omwa madziwo pansi pa khonsolo.

Kugawana ntchito kotere ine sindikutsutsa. Mutu umodzi susenza denga, inde. Koma osenza akachuluka, wina amangogwirizira ndi chala, ndipo denga likapendekeka aliyense amaloza mnzake.

Potsika ndidadzera m'mudzi wina momwe mpopi wake udachita kumera udzu. Mayi wina yemwe amachokera kumtsinje, ndowa pamutu, adati mapaipi awo adakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023.

"Mudakanena, mayi?" ndidafunsa.

"Tidapita, bambo. Uku akuti si zawo, uko akuti tidikire ndalama. Ndiye tikudikira."

Apa ndidachita manyazi. Ndidakumbukira kuti ntchito yotengera madzi ku Blantyre isadayambe, anthu a ku Mulanje adaikana kwa nthawi, ati mitengo ibzalidwe kaye paphiri ndipo nawonso aganiziridwe. Ife a m'tauni, otopa ndi mipopi youma komanso kudalira kwambiri madzi a ku Walker's Ferry, tidawatcha ansanje. Titadzuka m'mawa n'kupeza mpopi ukutuluka, tidaiwala zonse.

Chomwe chidandivuta kwambiri n'chakuti ndalama zili kumunsi, kwa ogulitsa madzi, pomwe ntchito yoti madziwo asaphwe ili kumtunda, kwa alonda a nkhalango olimbana ndi moto wolusa, ocheka mkungudza ndi ootcha makala. Ndikamalipira madzi mwezi ndi mwezi, papepalapo dzina la phiri silitchulidwa. Ine ndingalole kuti pa kwacha iliyonse yomwe ndimalipira, kagawo kodziwika kazikwera phiri kukalipira alonda, kulambula njira zotchinga moto ndi kukonza mipopi ya midzi yomwe paipi yathu imadutsa. Kubzala mbande tsiku limodzi pachaka, atolankhani ali pompo, sikokwanira. Ndipo mayi uja akuyenera kukhala ndi khomo limodzi logogoda, maofesiwo azikakambirana okha kuseri kuti alipira ndani.

Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo amtengo wapatali padziko lonse, kotero oliyang'anira awonjezerekanso. Madzulo a tsiku lomwe ndidapitalo, tili pakhonde pa azakhali, tidaona mzere wa moto ukuyaka pamwamba pa phiri. Azakhali adangoti wayamba dzana, n'kulowa m'nyumba kukapakula nsima.