Keke ya mwezi sudya wekha

Ku China, pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu pa kalendala yawo yotsata mwezi, mabanja amakumana pa chikondwerero cha Zhongqiu. Patebulo pamakhala bakha, nkhanu ndi zipatso za pomelo. Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi mooncake, keke yozungulira yokhala ndi phala la nyemba zofiira mkati, mwinanso kachikasu ka dzira la bakha koimira mwezi. Amaidula tizidutswa powerenga anthu a m'banjamo, ndipo ena amasungira gawo ngakhale wachibale amene ali kutali.

Anzanga, sukulu ndi ntchito zikutibalalitsa, ena mpaka kunja. Kwathu amatiwerengabe akamagawa ndiwo. Nanga ifeyo, malipiro oyamba akafika, tidzawerenga ndani?