Mzukwa Umene Unali Ana

M'gawo la 20 la katuni ya ku Japan yotchedwa Toaru Kagaku no Railgun, imene inaonetsedwa koyamba mu 2009 ndi 2010, nyumba zikugwedezeka koma chivomezi palibe. Academy City, mzinda wa anthu 2.3 miliyoni kumene asayansi amakulitsa mphamvu zodabwitsa mu ubongo wa ana a sukulu, wasowa mtendere. Misaka Mikoto, mtsikana wotulutsa magetsi m'thupi, ayamba kufufuza pamodzi ndi anzake. Maso agwera pa Haruue Erii, mnzawo watsopano, amene amamva liwu la munthu wosaoneka.

Chodabwitsachi achitcha Poltergeist, mawu a Chijeremani otanthauza mzimu waphokoso. Koma Chijapani chimatha kulemba mawu awiri pamalo amodzi. Zilembo zikuluzikulu zimasenza tanthauzo, pamene tizilembo tapambali, totchedwa furigana, timauza wowerenga katchulidwe. Pa mutu wa gawoli tizilemboto tikuti Poltergeist, koma zikuluzikuluzo zikunena za mphamvu yomasuka mwachisokonezo. Khutu likumva za mzukwa pamene diso likuwerenga za chinthu chimene anthu amangirira ndipo chawapulumuka.

Magawo otsatira aonetsa kuti diso ndilo linalondola. Gwero la phokosolo ndi ana amene anakomoka wasayansi Kihara Gensei atayeserera pa iwo nzeru zake. Mphunzitsi wawo, Kiyama Harumi, akamayesa kuwatsitsimutsa, mphamvu zawo zimalusa n'kugwedeza mzinda. Liwu limene Erii amamva ndi la Edasaki Banri, bwenzi lake la paubwana, mmodzi mwa ogonawo.

Anawa mzindawo umawatcha Child Error, dzina la Chingerezi lomveka ngati vuto la pakompyuta, loika cholakwa pa mwana. Pansi pa dzinali palembedwa mawu a Chijapani akuti okizari, kutanthauza kusiyidwa. Amenewa ndi ana amene makolo anawatula mumzindamo osabweranso. Wolankhula Chichewa angamve kulemera kwake msanga, pakuti mneni wakuti "kusiyidwa" sakhala chete: kachidutswa ka -idw- kamafunsa kuti wasiyidwa ndi yani. Dzina la Chingerezi lija limakwirira funsoli.

N'chifukwa chake atsikana aja sapambana ndi magetsi okha. Ntchito yawo yaikulu ndi kukana dzina limene akuluakulu anapereka, n'kutchera khutu kufikira phokoso lisanduke kuitana kwa mwana. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mzinda umene unaiwala mawu amenewa unayenera kugwedezeka kaye kuti ukumbukire kumene unagoneka ana ake.