Njinga ya makilogalamu 380 inandigwetsa nditaima kale

A kumudzi, a kuno ku Joni, ndi inu a ku UK amene mumandilembera pakati pa usiku ife titagona. Nkhani ya lero ndi yaitali, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono isungeni, mudzawerenge mawa. Koma mukayamba muwerenge mpaka kumapeto.

Ambiri munaona chithunzi chomwe mwana wathu anaika sabata yatha, ine ndi Mayi titakhala pa chinjinga chachikulu chofiira. Kuyambira tsiku limenelo mafunso sakutha: "Abusa, mwagula?" Ayi, sindinagule. Chithunzicho chinajambulidwa 7 koloko m'mawa. Zomwe zinachitika cha m'ma 10 koloko palibe amene anajambula, ndiye ndikuuzani ndekha ndi pakamwa panga.

Ine njinga yamoto sindinaiyambe dzulo. Ndisanabwere kuno ndinayenda zaka zambiri pa kanjinga ka 125cc m'midzi ya ku Ntcheu, mumchenga, m'matope, pena nditamanga thumba la chimanga pakaliyala. Kakafuna kugwa ndinkangoponda pansi ndi mwendo umodzi, basi kadzuka. Nditafika kuno ndinakhoza laisensi ya Code A, yomwe imalola munthu kuyendetsa njinga yoposa 125cc. Ndiye mumtima ndinkadziona katswiri. Mawu amenewo asungeni, tiwapeza kutsogoloku.

Loto langa la zaka zambiri ndi loti tsiku lina ndidzakwere njinga yaikulu, Mayi ali kumbuyo, tidutse pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, tiwoloke Zambezi pa Tete, tikalowere pa Mwanza. Kandalama takhala tikusunga pang'onopang'ono. Koma Mayi nkhani imeneyi sankafuna n'kuimva komwe. Mlongo wawo anathyoka mwendo pa ngozi ya kabaza ndipo mpaka lero amayenda motsimphina. Kwa iwo njinga yamoto ndi chipatala basi.

Ndiye achimwene ena a ku Dedza, amene ali ndi bizinesi ya malole kuno, anandiuza kuti akugulitsa Honda Gold Wing Tour yawo ya 2021. Anati, "Abusa, musagule mbereko mwana asanabadwe. Itengeni Loweruka, muyende nayo tsiku lonse, mukabwera tikambirane." Ndinachonderera Mayi masiku atatu. Pomaliza anati, "Ndikwera kamodzi kokha, Bambo. Ndikatsika ndidzakuuzani maganizo anga, ndipo mudzamve."

Ndikufotokozereni kaye chinthucho, chifukwa mukamva kuti njinga mukuganiza za zija za pa depoti. Iyi injini yake ndi ya 1833cc, masilinda 6, atatu mbali iyi atatu mbali inayo, ogona chammbali pansi penipeni. Thanki ya petulo, ya malita 21, ili pansi pa chishalo. Anachita dala zimenezi kuti kulemera konse kukhale pansi. Ilibe tcheni, mphamvu imapita ku tayala lakumbuyo kudzera pa shafuti ngati galimoto. Ya achimwenewo ilibenso klatchi, magiya ake 7 imasintha yokha. Ili ndi rivesi. Inde, mwawerenga bwino, rivesi pa njinga! Ukadina batani imabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati munthu akuyenda. Nanga ungaikankhe bwanji ndi miyendo? Kulemera kwake kumaposa makilogalamu 380, pafupifupi matumba 8 a chimanga, inu musanakwerepo.

Achimwene aja mbiri yake amaidziwa ngati ya m'banja mwawo. Gold Wing yoyamba inatuluka mu 1975 ili ndi masilinda 4 okha. Ya masilinda 6 ndi rivesi inabwera mu 1988. Mu 2006 inakhala njinga yoyamba kugulitsidwa ili ndi airbag. Kwa zaka pafupifupi 30 ankaipangira ku Ohio m'dziko la America, pano imachokera ku Kumamoto ku Japan. Anandilondolera mabatani onse, kenaka anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Abusa, ikamathamanga musaiope. Muiope ikamaima." Ine ndinangoti, "Aaa, achimwene, njinga taziyendetsa ife." Anangomwetulira.

Tinanyamuka ku Randburg kulowera ku damu la Hartbeespoort. Anzathu okonda njinga amakonda kupita kumeneko Lamulungu m'mawa kukadya kadzutsa, koma ine Lamulungu mukudziwa kale komwe ndimakhala. Tinatenga Malibongwe Drive, womwenso ndi msewu wa R512, kudutsa Cosmo City ndi Lanseria. Munali mu July, ndipo amene muli kuno mukudziwa chisanu cha Gauteng m'mawa, chija cholowa mpaka m'mafupa.

Pamaloboti oyamba miyendo inali njenjenje. Ukaima, chinthucho umachimva kuti chili pakati pa miyendo yako ndipo sichikuseka. Koma abale inu, matayala atangoyamba kuzungulira, kulemera konse kuja kunangoti zii, kusowa. Ndinadabwa. Injini sibangula, imangong'ung'udza chapansipansi. Ukapotokola pang'ono imakoka mofewa, popanda kugwedeza, ndipo magiya akamasintha sumva n'komwe.

Ndinadina batani, galasi lakutsogolo linakwera lokha, mphepo yonse n'kumadutsa pamwamba pa mutu. Ndinayatsa zotenthetsa, zogwirira za chiwongolero zinayamba kufunda, chishalo chimodzimodzi, cha ine ndi cha Mayi chomwe. Pa zigamba za msewu ndinkaona tizitsulo takutsogolo kwa chiwongolero tikuvina, kukwera ndi kutsika, koma m'manja mwanga muli phee. Pa kanjinga kanga ka ku Ntcheu dzenje lililonse linkafika mpaka m'mano.

Titadutsa Lanseria nyumba zinachepa, kunatsala udzu wouma ndi utsi wa moto wolusa chapatali, mapiri a Magaliesberg akuonekera kutsogolo. Pokhota ndinkayembekezera kulimbana nayo, koma ayi ndithu. Ukangoyang'ana komwe ukufuna kupita ndi kukankha chiwongolero pang'ono, imapendekeka yokha n'kutsata mzere ngati sitima panjanji.

Kenaka ndinamva kuti go! kumbuyo kwa helemeti yanga. Patapita kanthawi, go! kachiwiri. Kuyang'ana pagalasi, Mayi agona! Mayi omwe aja ankati njinga ndi chipatala, atsamira pa chotsamira chawo, tulo tofa nato. Ndinaseka ndekha mu helemeti. Mumtima ndinati basi, nkhani yatha, njinga ndagula.

Nthawi yomweyo ndinayang'ana pa mita. Ine ndinkaganiza kuti ndikuyenda 80. Mita inkanena 125. Thupi linachita tsembwe. Pa njinga yaing'ono mphepo imakumenya pachifuwa, injini imalira, thupi lonse limakuuza kuti wathamanga. Apa panalibe chondiuza. Ndinali ngati ndakhala pa sofa kunyumba, chonsecho ndili pa matayala awiri okha, mkazi wanga ali mtulo kumbuyo. Ndinachepetsa liwiro, ndinawagwedeza bondo kuti adzuke. Limenelo linali chenjezo loyamba, koma phunziro lenileni linali lisanafike.

Tinafika kudamu bwinobwino. Tinadikira pa maloboti, n'kudutsa pamwamba pa khoma la damu ndi mu kamphanga kaja kobooledwa m'thanthwe, komwe magalimoto amadutsa mbali imodzi panthawi. Pamadzi panali namasupuni, yemwe uja amavutitsa mu Shire. Mayi anati, "Bambo, kunotu n'kokongola." Ine mapewa anakwera.

Ndiye tinati tiime pa msika wina wa ziboliboli timwe tiyi. Malo oimika magalimoto anali a timiyala, otsetsereka pang'ono. Panali njinga zina zazikulu zitaima kale, eni ake atakhala panja ndi makapu m'manja. Ndinene zoona pamaso panu: ndinafuna andione. Ndinati ndikhote mwaukatswiri ndikaime pambali pawo penipeni. Ndikukhota choncho, liwiro la munthu woyenda pansi, chiwongolero nditachipinda chonse kumanja, galimoto ina inayamba kubwerera m'mbuyo. Dzanja langa linachita zomwe linazolowera kwa zaka 20. Linakoka buleki yakutsogolo mwamphamvu.

Njinga inaima nji! Kenaka inayamba kupendekera kumanja. Ndinaponda pansi monga ndinkachitira ku Ntcheu, koma phazi linapeza timiyala ndi malo otsika. Makilogalamu onse aja amene anasowa pa Malibongwe anabwerera nthawi imodzi, kuonjezapo ine ndi Mayi. Ndinalimbana nayo mwina masekondi awiri. Sinagwe mwaphokoso ayi. Inangogona pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, n'kutsamira pa zitsulo zake zotetezera. Ine ndinagwada bondo limodzi. Mayi anatsetsereka n'kukhala pansi pafumbi.

Okondedwa, sindidzaiwala nkhope yawo atavula helemeti. Sanakalipe, sanalire. Anangondiyang'ana, chigongono chitasupuka pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza za mlongo wawo. Zikanakhala kuti phazi lawo linapanikizika pansi pa chinthu chija, lero ndikanakhala ndikulemba nkhani ina. Ndipo wolakwa sanali woyendetsa galimoto uja, sinali njinga, sitinali timiyala. Ndinali ine ndi matama anga. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndinayesa kuidzutsa poikoka ndi manja, osatheka. Anyamata awiri ogulitsa ziboliboli anabwera, tonse atatu kukoka uku ndi uku, msana wanga n'kuyamba kulira. Ndiye panabwera gogo wina wachizungu, wa imvi mutu wonse, wamfupi kuposa Mayi, atavala jekete yachikopa. Anayamba wafunsa Mayi ngati avulala. Kenaka anatiuza kuti tipatuke. Anaonetsetsa kuti injini yazima, anamanga buleki yoimikira, anatambasula sitandi. Anafulatira njingayo, anatsamiritsa matako pa chishalo, dzanja lina pa chiwongolero lina pa chogwirira chakumbuyo, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo ndi timasitepe ting'onoting'ono. Chinjinga chija chinadzuka! Amuna atatu tili kukamwa yasa.

Gogoyo anandiuza zinthu zitatu zomwe ndikufuna aliyense wa njinga amve. Njinga yolemera siidzutsidwa ndi manja kapena msana, imadzutsidwa ndi miyendo. Ukamayenda pang'onopang'ono chiwongolero chili chopinda, dzanja lisayandikire buleki yakutsogolo, gwiritsa ntchito yakuphazi, moto uli wotsegula pang'ono. Ndipo usanaime, yang'ana kaye pomwe phazi lako likatere, njinga uimike itawongoka. Anamaliza ndi kuseka, amvekere aliyense amene ali ndi njinga ngati iyi anaigwetsapo, amene akukana ndiye kuti panalibe mboni.

Ndinaimbira achimwene aja manja akunjenjemera, kuwauza kuti chitsulo chakumanja chapalika. Funso lawo loyamba linali, "Mayi ali bwanji?" Atamva kuti ali bwino anaseka mpaka kutsokomola. "Abusa, ine ndinaigwetsa kawiri sabata yoyamba, pageti panga pomwe. Paja ndinakuuzani chiyani m'mawa?"

Tsopano panatsala funso lalikulu: tibwerera bwanji? Ndinauza Mayi kuti ndiitanitse galimoto iwatenge. Anamwa tiyi wawo osayankha. Atamaliza anati, "Bambo, panjira paja munayendetsa bwino, mpaka ndinagona. Chomwe simukudziwa ndi kuima. Uko kuli bwalo lopanda magalimoto. Pitani nokha, mukazungulire, muziima, muzinyamuka. Ine ndikhala pano ndizikuonani. Ndikakhutira ndikwera."

Abale anga, bambo wa zaka zopitirira 50, wa ana akuluakulu, ndinakhala pafupifupi ola lathunthu ndikuzungulira bwalo ngati mwana wophunzira njinga yakapalasa, gogo uja akundikuwira kuti ndidzutse mutu, ndiyang'ane komwe ndikupita osati pansi. Kumanzere, kumanja, kuima, kunyamuka. Thukuta kamukamu m'chisanu cha July. Pomaliza Mayi anaimirira, anasasa fumbi pa jekete, n'kuvala helemeti. Pobwerera sanagone. Pa loboti iliyonse ndinkamva manja awo akundigwira m'chiuno mpaka titanyamukanso.

Ndiye amene mukufunsa kuti njingayo ndi yotani, yankho langa ndi ili. Pa msewu wautali wa tara sindinakwerepo chinthu chokoma chotere. Imasamala wokwera kumbuyo kuposa njinga iliyonse yomwe ndikuidziwa, ndipo sutopa nayo. Koma kukoma komweko kumakuiwalitsa liwiro, ndipo kupepuka kwake panjira kumakuiwalitsa kulemera kwake. Pa mchenga wa kwathu kuja, kuchoka pa tara kukafika pakhomo pa amayi anga, sindingayerekeze n'komwe ndi luso lomwe ndili nalo lero.

Chitsulo chopalika chija ndalipira. Ndalembetsa maphunziro a kayendetsedwe ka njinga zazikulu, Loweruka lililonse m'mawa, ndipo m'kalasimo wamkulu ndine. Achimwene aja akuti andidikira mpaka kumapeto kwa chaka, akapeza wina wogula ndisadandaule. Mayi maganizo awo anandiuza titangofika pakhomo, monga analonjezera: za ku Tete ndi ku Mwanza tidzakambirana akadzaona satifiketi.

Inu anyamata anga a kabaza ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amene mumawerenga pano, njinga yanu ndi yopepuka, koma munthu amene mwamukweza kumbuyo ali ndi ana akumudikira. Mupatseni helemeti. Ndipo amene munagwetsapo njinga anthu akuona, lembani m'munsimu kuti zinali kuti, ndisakhale ndekha pa manyazi amenewa.

Mugone bwino nonse. Bondo likupola.